Thupi likatentha pambuyo pa sitiroko kapena kuvulala m'mutu: zochita pambali pa bedi

Usiku wina mu Okutobala, ndikugwira ntchito ya unamwino pa chipatala china kuchigwa cha Shire, ndinapeza bambo wa sitiroko atafunditsidwa mabulangete awiri, chitenje pamwamba, kumutu chipewa cha ulusi. Nthawi inali itadutsa 10 koloko koma khoma la wodi linali lofundabe ndi dzuwa la masana. Akazi awo anali pa mkeka pansi pa bedi. Nditaika themomita m'khwapa mwa bambowo, inawerenga 39.4.

"Mayi, mabulangetewa tichotse."

"Iyayi anesi, bambowa akuzizidwa. Tagwirani dzanjali mumve nokha."

Ndinaligwira. Linalidi lozizira, koma linali dzanja la mbali yakufa ziwalo, ndipo mbali imeneyo nthawi zambiri imazizira kuposa inzake. Ndinatenga dzanja la mayiwo n'kuliika pachifuwa pa amuna awo, kunsi kwa mabulangete. Analichotsa msanga ngati agwira chivundikiro cha poto. Mabulangete aja anawachotsa okha.

Ndikulembera magadiyani amene akugona pansi pa bedi za abale awo, komanso anamwino achinyamata amene amasiyidwa okha usiku ndi wodi yodzaza. Nkhani yake ndi yoti ubongo wovulala sufuna kutentha, komanso sufuna kuti muuziziritse mwachisawawa. Chofunika ndi kusunga thupi pakati pa madigiri 36 ndi 37.5 kwa masiku atatu oyambirira, ndi kusaka chimene chikulitenthetsa.

Mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena ukaphulika, pamakhala kachigawo kamene kamafa nthawi yomweyo, ndipo kameneko sitingakadzutse. Koma mozungulira pamakhala mbali ina yomwe ikulandirabe magazi pang'ono, sinafe koma ikuvutika. Ndimawauza magadiyani kuti ili ngati chimanga cha pa ng'amba ya mu Januwale: chafota, masamba apindika, koma mvula ikabwera chidzuka. Dzuwa likawonjeza masiku awiri, chapserera basi. Kutentha kwa thupi ndiye dzuwalo. Digiri imodzi iliyonse ikakwera, ubongo umafuna mpweya ndi shuga wochuluka ndi magawo pafupifupi 6 kapena 7 pa 100, pamene mitsempha yobweretsa zimenezo yawonongeka kale. Kutentha kumawonjezeranso kutupa, ndipo chigaza sichitambasuka. Kumbukiraninso kuti mkati mwa mutu wovulala mumatentha kuposa zimene themomita ya m'khwapa ikukuuzani.

Wina anganene kuti, basi tingomuziziritsa kwambiri wodwalayo, ubongo upume. Madokotala anaganizanso choncho kwa zaka zambiri, ndipo anali ndi zifukwa. Mu 1999 Anna Bågenholm anagwera m'madzi oundana ku Norway, thupi lake linazizira kufika madigiri 13.7, mtima utaima, koma anatsitsimuka n'kudzabwerera ku ntchito yake ya udokotala. Mu 2002 kafukufuku wa ku Ulaya wa odwala 275 ndi wina wa ku Melbourne, ku Australia, wa odwala 77 anaonetsa kuti anthu amene mtima unaima n'kuyambanso, koma ali chikomokere, ankachira bwino akawaziziritsa kufika madigiri 32 mpaka 34. Zipatala zambiri zinagula makina oziziritsira odwala. Nditapita kukagwira ntchito ku ICU (wodi ya odwala mwakayakaya) ku England ndinawapeza makinawo, ndipo ndinawagwiritsa ntchito.

Koma zotsatira za pambuyo pake zinatibweza m'mbuyo. Kafukufuku wa TTM2 wa mu 2021, wa odwala pafupifupi 1,900 amene mtima unaima, anayerekeza kuziziritsa kufika 33 ndi kungoletsa thupi kuti lisatenthe. Pa miyezi 6, omwalira anali 50 pa 100 mbali yoziziritsidwa ndi 48 pa 100 mbali inayo, ndipo oziziritsidwawo mtima unkawasokonekera kagundidwe kawirikawiri. Kwa ovulala m'mutu zinafika poipa: kafukufuku wa Eurotherm3235 anaimitsidwa atafika odwala 387 chifukwa oziziritsidwa ankachira moipa kuposa anzawo, ndipo wa POLAR wa mu 2018, wa odwala 511, sanapeze phindu lililonse. Wa sitiroko wotchedwa EuroHYP-1 ankafuna odwala 1,500 koma anathera pa 98. Kuziziritsa munthu wa sitiroko ali maso ndi chintchito: amanjenjemera, amavutika, ndipo chibayo sichichedwa.

Kafukufuku amene ine ndimamukonda ndi wa anamwino anzathu, wa mu 2011, wotsogoleredwa ndi Sandy Middleton m'mawodi 19 a sitiroko ku New South Wales, Australia. Munalibe makina. M'mawodi 10 mwa amenewa anangogwirizana zinthu zitatu: kuyeza kutentha maola anayi alionse n'kuchitapo kanthu kukafika 37.5, kuyang'anira shuga, ndi kuyesa ngati wodwala akumeza bwino asanampatse kanthu pakamwa. Patapita masiku 90, omwalira kapena odalira ena anali 42 pa 100 m'mawodi amenewo, pamene m'mawodi 9 otsalawo anali 58 pa 100. Zimenezi n'zotheka ku Nsanje ngati mmene zinathekera ku Sydney.

Yambani ndi kuyeza

Kugwira pamphumi si kuyeza. Ngati mungathe, gulani themomita yanu ya manambala ku famase, chifukwa ya m'wodi imakhala imodzi ndipo mabedi ndi ambiri. Pukutani thukuta m'khwapa, ikani nsonga yake pakati penipeni, mugwire mkono kuti utseke mpaka italira. Yezani mbali yamphamvu, osati yakufa ziwalo, ndipo muziyeza pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Osaika m'kamwa mwa munthu wosokonezeka mutu kapena wogwa khunyu. M'khwapa mumawerenga motsikirako ndi pafupifupi theka la digiri, ndiye 37.5 ya m'khwapa musaipeputse.

Chitani zimenezi maola anayi alionse, usana ndi usiku, kwa maola 72 oyambirira, ndipo muzilemba m'kope nthawi ndi nambala. Kope limeneli adokotala akamazungulira m'mawa limawathandiza kuposa kunena kuti "usiku anatenthako pang'ono". Ikafika 37.5 uzani namwino. Ikafika 38 musadikire kuti kuche, ngakhale namwinoyo akuoneka wotopa kapena wokwiya. Ine ndinakwiyirapo magadiyani 2 koloko usiku, ndipo amene anaumirira ndiwo ankalondola.

Kutsitsa kutentha

Chotsani zofunda zonse, musiye nsalu imodzi yopyapyala. Chipewa, juzi, zonse zichoke. Tsegulani mawindo, ndipo ngati pali fani iyatseni koma isalunjike kumaso. Mutu wa bedi ukwere pang'ono, pafupifupi madigiri 30, khosi lili chilili osapindika, pokhapokha ngati adokotala akukayikira kuti khosi kapena msana zathyoka.

Kenako Panado, woperekedwa ndi namwino. Munthu wamkulu amalandira galamu imodzi, omwe ndi mapiritsi awiri a 500 mg, maola 6 alionse, osapitirira magalamu 4 pa tsiku. Wochepa thupi wosafika makilogalamu 50, womwa mowa kwambiri kapena wodwala chiwindi, mlingo umatsika. Ngati sakumeza, Panado amadutsa pa chubu cha m'mphuno, pa dripi, kapena wolowetsa kumbuyo. Musamukankhire piritsi pakamwa ndi madzi.

Asipirini, Brufen ndi diclofenac musapereke pofuna kutsitsa kutentha. Sitiroko ili mitundu iwiri, ya kutsekeka kwa mtsempha ndi ya kuphulika, ndipo ndi maso simungazisiyanitse, imafuna sikani. Ngati magazi akutuluka mkati mwa mutu, mankhwala amenewa amawonjezera. Asipirini amaperekedwadi kwa odwala sitiroko ambiri, koma ndi chisankho cha adokotala ndipo chifukwa chake ndi china. Mapiritsi a mutu a pa okala muwerenge kaye pa paketi, ena muli asipirini.

Pakatha theka la ola chiperekereni Panado, ngati thupi likadali pamwamba pa 38, tengani beseni ndi madzi ofunda pang'ono, onga osambitsira khanda. Ayeseni ndi chigongono. Nyowetsani kansalu, pukutani m'khosi, m'khwapa, pachifuwa, pamimba ndi m'mphechepeche, musiye khungu lonyowa kuti mphepo iumitse. Kuumako ndiko kumachotsa kutentha, osati kuzizira kwa madzi. Ndimayamba ndi Panado chifukwa thupi likatentha ndi matenda, ubongo ndiwo umakhala walamula kuti litenthe, ndiye mukangolithira madzi lamulolo lisanasinthe, thupi limalimbana nanu. Nsalu za pabedi zikanyowa zisinthidwe, wodwala asagonere chinyezi. Sipiriti musapake.

Pano ndiima kaye pa nkhani ya ayisi. Mnyamata wina wa kabaza anabwera atamenyetsa mutu pa phula, alibe helemeti. Mkulu wake, munthu wophunzira ndithu, anali atawerenga pa foni kuti kuziziritsa kumateteza ubongo. Masana anapita kumsika n'kugula mafirizesi odzaza jumbo, n'kuwayala kuzungulira mutu, m'khwapa ndi pamimba pa mng'ono wake, pakhungu penipeni. Nditafika ndinapeza mnyamatayo nsagwada zikugundana, khungu lachita tsemwe, mtima ukuthamanga, bedi lonse lofiira ndi madzi a mafirizesi osungunuka. Themomita inali itakwera kuposa mmene inalili m'mawa.

"Achimwene, mwachita izi ndinu?"

"Eya sisitala, ku Ulaya amatero."

Sindinamukalipire, ankafuna kupulumutsa mbale wake. Koma ayisi wa pakhungu amatseka mitsempha ya kunja, kutentha n'kutsekeredwa mkati. Kenako thupi limayamba kunjenjemera, ndipo kunjenjemera ndi ntchito yolemetsa ya minofu yomwe imapanga kutentha kwina n'kudya mpweya umene ubongo ukuufuna. Komanso khungu la munthu wokomoka kapena la mbali yakufa ziwalo silimva kupweteka, ndiye ayisi amaliwotcha mpaka chilonda iye osadandaula. Ngati adokotala alamula ayisi, amakulungidwa m'tawulo, ndipo khungu limayang'anidwa pafupipafupi.

Kunjenjemera kumayamba musanakuone. Ikani dzanja pa nsagwada, kenako m'khosi ndi pachifuwa chapamwamba. Mukamva kanthu kakunthunthumira pansi pa khungu, siyani kupukuta, muumitseni, mufunditse nsalu imodzi. Pali kachinyengo kamene ndinaphunzira ku ICU ndipo sikafuna ndalama: muvekeni masokosi kumapazi ndi kumanja. Manja ndi mapazi zikafunda, thupi limachepetsa kunjenjemera pamene chifuwa ndi mimba zikupitiriza kutaya kutentha.

Yezaninso pakatha ola. Ikatsika kufika 37.5, lekani. Simukufuna 35. Ikatsika pansi pa 36, monga zimachitikira ndi okalamba m'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza kapena ku Mzuzu, bulangete libwerere.

Sakani chimene chikutenthetsa

Apa ndi pamene ambiri timalephera. Panado amatsitsa nambala, koma chotenthetsacho chimakhala chikadalipo, ndipo kawirikawiri si ubongo ayi.

Choyamba ndi chibayo chobwera ndi chakudya. Odwala sitiroko ambiri m'masiku oyamba samameza bwino, ndipo phala m'malo mopita m'mimba limalowera kumapapo. Ena amatsamwa n'kutsokomola, koma ena zimalowa mwakachetechete. Ife kwathu chikondi timachionetsa ndi chakudya, ndiye gadiyani akaona wodwala sanadye tsiku lonse mtima umamupweteka, amatenga sipuni n'kuyamba kumuthira phala ali chigonere chagada. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri thupi latentha, kupuma kwathamanga, pakhosi pakumveka phokoso. Chonde, madzi, tiyi, phala, thobwa, mankhwala achikuda, chilichonse chisalowe pakamwa namwino asanayese kumeza. Timamukhazika tsonga ali maso bwinobwino, n'kumupatsa madzi oyera pa kasipuni katiyi, kangapo, tikumvetsera. Akatsokomola, mawu akamveka ngati akulankhulira m'madzi, kapena madzi akamatuluka m'mbali mwa pakamwa, timasiya ndipo amaikidwa chubu cha m'mphuno. Chubu chimenechi anthu amachiopa, amati ndi chizindikiro choti munthu watsala pang'ono. Si zoona. Ndi njira ya likuni phala yopita m'mimba mosadutsa kumapapo, ndipo ambiri amachichotsa akayamba kumeza. Amene akudya pakamwa azidya atakhala tsonga, pang'onopang'ono, akhalebe choncho theka la ola akatha kudya. M'kamwa muzitsukidwa kawiri kapena katatu pa tsiku ngakhale sakudya, poti tizilombo ta m'kamwa ndito timatsikira kumapapo.

Chachiwiri, kuno kwathu, ndi malungo. Munthu wa sitiroko udzudzu umamulumanso, ndipo mwina anabwera nawo kuchokera kunyumba. Pemphani kuti ayezedwe pa chala, ndi nkhani ya mphindi zosakwana 20. Neti imangidwe usiku uliwonse.

Kenako yang'anani mapaipi. Paipi ya mkodzo ikakhalitsa imabweretsa matenda a m'chikhodzodzo, ndiye funsani tsiku ndi tsiku ngati ikufunikabe, ndipo thumba lake lizilendewera m'munsi mwa bedi, osati pabedi. Pamene palowa kanula ya dripi pakafiira, pakatupa kapena pakatuluka mafinya, ichotsedwe. Mutembenuzeni wodwala maola awiri alionse n'kuona m'chiuno, m'matako ndi zidendene ngati sipakuyamba zilonda. Mwendo umodzi ukatupa n'kumatentha, mwina magazi aundana mumtsempha, musausisite, itanani adokotala. Ngati wodwalayo ali ndi HIV, kapena sanayezetse, nenani poyera kwa adokotala, chifukwa matenda oumitsa khosi ndi TB ya mu ubongo zimatha kuoneka ngati sitiroko ndipo zili ndi mankhwala ake. Wovulala m'mutu amene akutuluka madzi oyera m'mphuno kapena m'khutu nayenso ali pa chiopsezo cha matenda oumitsa khosi, ndipo musatseke khutulo ndi thonje.

Kuli kutentha kochokera mu ubongo mwenimwenimo, kachigawo koyang'anira kutentha kakavulala. Kumabwera msanga, kumakwera kwambiri, Panado sikumumvera kwenikweni. Koma dzina limenelo timalipereka pomaliza, zina zonse zitafufuzidwa.

Thupi lotentha limataya madzi. Mkodzo ukachepa kapena ukada ngati tiyi wopanda mkaka, nenani. Shuga ayezedwenso, ngakhale kwa munthu amene sanadwalepo shuga. Ndipo izi zikachitika thamangani osayenda: wodwala akuvuta kudzutsa kuposa kale, akusanza, wagwa khunyu, kapena kamwanadiso ka mbali imodzi kakula kuposa kanzake.

Pa malo a ngozi

Chizolowezi chathu munthu akakomoka pamsewu ndi kumuthira ndowa ya madzi kuti atsitsimuke. Kwa wovulala m'mutu musatero. Munthu wotaya magazi akazizidwa, magazi ake saundana bwino ndipo amatuluka kwambiri. Mufunditseni chitenje, gwirani mutu ndi khosi zisagwedezeke, tsekani potuluka magazi ndi nsalu yoyera, musamumwetse kanthu, mupite naye kuchipatala. Wa sitiroko nayenso, pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka kapena mawu akasokonekera, ndi wa kuchipatala ola lomwelo, ndipo mukumbukire nthawi imene zinayamba.

Pali vuto limodzi limene madzi ozizira ndi ayisi zimapulumutsa: munthu amene wagwa chifukwa chogwira ntchito kapena kuthamanga pa dzuwa loopsa, thupi lapitirira madigiri 40, mutu wasokonekera. Ameneyo muikeni pamthunzi, mumuvule, mumuthire madzi ozizira thupi lonse mukumukupiza, kwinaku mukusaka galimoto. Kutentha kwake kwachokera kunja, ndiye kumachotsedwa mwachangu.

Za makina aja

Kuti mudziwe chimene mkulu wa mnyamata wa kabaza uja sanawerenge: ku ICU woziziritsidwa amakhala atagonetsedwa ndi mankhwala, makina akumupumira. Pachifuwa ndi m'ntchafu timamata zinthu zonga mapilo opyapyala zoyenda madzi mkati, ndipo kachingwe koyezera kutentha kamakhala kummero kapena m'chikhodzodzo, kakuuza makinawo mphindi iliyonse. Kunjenjemera timakuletsa ndi mankhwala. Magazi timayeza pafupipafupi chifukwa mchere wa m'magazi wotchedwa potaziyamu umatsika thupi likamazizira n'kukwera likamafunda, ndipo zonse ziwiri zikhoza kuimitsa mtima. Pomufunditsanso sitipitirira kota kapena theka la digiri pa ola. Masiku ano makina omwewo nthawi zambiri timangowatchera kuti thupi lisadutse 37.5.

Makanda obadwa atabanika ndi nkhani ina. M'mayiko olemera amawaziziritsa pa 33.5 kwa maola 72, kuyambira asanakwane maola 6, ndipo zimathandiza. Koma kafukufuku wa HELIX wa mu 2021, wa makanda 408 ku India, Sri Lanka ndi Bangladesh, anapeza kuti mwa oziziritsidwa anamwalira 42 pa 100, mwa enawo 31 pa 100. Khanda lotere musaliziziritse ndi mabotolo a madzi kapena fani. Lisungeni pa kutentha kwabwinobwino, osaliwotchanso ndi mbaula kapena zofunda zambiri.

Bambo a chipewa cha ulusi aja, malungo sanawapeze. M'mawa akilinikala atamvetsera pachifuwa anapeza chibayo mbali ya kumanja, ndipo mayi aja anavomera kuti kuyambira kunyumba ankawamwetsa phala la mgaiwa ali chigonere, poti "akanafa ndi njala". Tinayamba jakisoni wa maantibayotiki, tinaika chubu cha m'mphuno atakana kawiri n'kuvomera kachitatu. Mayiwo sankadziwa kulemba, ndiye mdzukulu wawo wa Fomu 2 ndiye ankasunga kope: 38.8, 38.1, 38.4, 37.6. Tsiku lachinayi inafika 37.1 n'kukhazikika. Chubu chinachoka patatha sabata ndi theka, ndipo anatuluka akudya okha ndi dzanja lamanzere, lamanja likulendewera. Kopelo anapita nalo kwawo pamodzi ndi themomita imene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Blantyre, nditawauza kuti ikadzawerenga 38 kawiri motsatizana, kapena akadzayambanso kutsamwa pakudya, asadzadikire tsiku la sikelo yawo ya BP.